Matenti asanu kuseri kwa nyumba si hotela: kalata kwa akuluakulu oona za malo ndi makhonsolo a m'mbali mwa nyanja

Kwa Olemekezeka Nduna ya za Malo, Nduna ya za Maboma Ang'onoang'ono ndi Nduna ya Zokopa Alendo. Kwa mabwanamkubwa ndi makhansala a maboma onse a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Komanso kwa mafumu athu, eni nthaka.

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu, ndipo pepani kuti ndadzera pabwalo m'malo mogogoda ku ofesi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhani ya malamulo a malo ndi ziphaso zimene zikupanikiza timabizinesi ta pakhomo m'mbali mwa nyanja takhala tikuinong'ona m'makhonde kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano yakhudza anthu ambiri oti sangakwane pa benchi yodikirira ya pa khonsolo. Pa zimene zatichitikira kwathu kuno sinditchula dzina la munthu kapena la ofesi, chifukwa cholinga changa si kuchotsetsa munthu ntchito. Ndikufuna ndondomeko ikonzedwe.

Ndikulankhulira ife amene timachita timabizinesi pa malo omwe tikukhalapo: a tikampu ta matenti, a tiyirumu, ophika nsima ndi kampango, a okala wa pawindo, osema ziboliboli, ndi anyamata a maboti. Mwina ena mwa inu simunaonepo kampu ya kumudzi, ndiye ndiloleni ndikuonetseni yathu. Ndi malo a makolo, pakati pa nyumba yathu ndi gombe. Pali mitengo iwiri ya mango, mchenga umene timasesa m'mawa uliwonse, chimbudzi cha simenti chokhala ndi chivindikiro, bafa la mpanda wa bango, thanki ya madzi, ndi sola yotchajira mafoni. Mlendo amabwera ndi tenti yake, kapena amabwereka yathu. Mlonda ndi mphwanga. Amene amabwera ndi ana a sukulu odzaona nyanja koyamba, achinyamata a mpingo, mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa Pasaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala la 15 October, komanso azungu a zikwama kumsana ndi oyenda pa njinga. Mvula ikayamba kumakhala zii. Matenti timapinda n'kuika kudenga, ndipo pamalo pomwepo pamadya mbuzi.

Ndalama ya mlendo wa mu tenti siipita kutali. Imathera kwa woweza amene wamugulitsa nsomba, kwa mayi wa mandasi, kwa wakabaza amene wamutenga pa siteji, ndi kwa mnyamata amene wapita naye pa boti kukaona mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba. Madandaulo athu ndi awa.

Loyamba ndi lakuti lamulo lilipo koma mapu kulibe. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo. Limodzi mwa iwo, Physical Planning Act, linalowa m'malo mwa lamulo la 1988 limene linkagwira ntchito m'madera okhawo amene boma lawalengeza, makamaka m'mizinda ndi m'matauni. Latsopanoli linati dziko lonse la Malawi tsopano ndi dera loyendera mapulani. Ndiye kuti pamaso pa lamulo mudzi wathu walowa m'kaundula momwe muli Area 47 ndi Nyambadwe. Sitikutsutsa. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023 sanganene kuti kumanga paliponse mwachisawawa n'kwabwino. Koma munthu wa ku Area 47 akafuna kutsegula sitolo angathe kupita ku khonsolo n'kukaona pa mapu ngati poloti yake ili m'dera la nyumba zokhalamo kapena la malonda. Ife tikauzidwa kuti malo anowa ndi okhalapo anthu, si a bizinesi, n'kupempha kuti tione pamene zalembedwa, yankho limakhala loti pulani ya dera lino ikukonzedwa. Nanga tikuphwanya bwanji mzere umene sunajambulidwe?

Pali chinanso chozama kuposa kusowa kwa mapu. Maganizo oti apa ndi pogona, apo ndi pogulitsira, uko ndi kogwirira ntchito, ndi a m'tauni. Kumudzi sizinakhalepo choncho. Pakhomo limodzi pamakhala nyumba, nkhokwe, khola, thandala loyanikapo usipa wogulitsa, makina osokera pakhonde, ndi benchi ya tomato kumsewu. Agogo athu ankafulula mowa wogulitsa pakhomo pomwepo. Ngati mawu oti malo okhalapo anthu atanthauza kuti pakhomo pasamachitike malonda, ndiye kuti mudzi wonse kuyambira kwa a mfumu ndi wolakwa. Poti mudzi wonse sungatsekedwe, lamulo limagwera pa amene akuoneka, ndipo tenti yofiira imaonekera patali kuposa thandala.

Dandaulo lachiwiri ndi la makomo ambiri ndi muyezo umodzi. Munthu wofuna kuchita zinthu mwa dongosolo amayamba ku khonsolo kukafuna laisensi ya bizinesi. Kumeneko amauzidwa kuti malo ogona alendo amafunika chiphaso cha a zokopa alendo. A zokopa alendo amafuna kuona chilolezo cha a mapulani. A mapulani amafuna pepala la malo, ndiponso zojambula za katswiri. Pambali pali a zaumoyo, amene amafuna kuona chimbudzi ndi makalata a kuchipatala a ophika. Pali a zachilengedwe, pansi pa lamulo la 2017 limene linakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Pali a zamadzi. Ndipo ukafuna kugulitsa botolo la mowa, ndi laisensi inanso. Ofesi iliyonse payokha ikufunsa chinthu chomveka. Vuto ndi lakuti iliyonse imadikira pepala la inzake, ndipo ena mwa maofesiwa ali ku boma, ena ku Lilongwe, ena ku Mzuzu kapena ku Blantyre. Wa hotela ya zipinda makumi asanu amalemba ntchito munthu woyendetsa mapepala basi. Mayi wamasiye wa matenti asanu amatseka pakhomo, n'kukwera matola, n'kukamva kuti abwana apita ku msonkhano, abwerenso sabata ya mawa.

Za zojambula za katswiri ndiye ndiime pang'ono. Mnzathu wina anauzidwa kuti abweretse pulani yojambulidwa ndi katswiri wovomerezeka yoonetsa kamangidwe ka malo ake. Iye chimene wamanga ndi chimbudzi, bafa ndi chisakasa cha udzu chodyeramo. Zotsalazo ndi mchenga. Atafunsa mtengo wojambulitsa, anapeza kuti ukuposa ndalama imene anamangira zonse zitatuzo. Chichokereni kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti, mapaipi ndi thanki zakwera moti ndalama imene ikanagula thanki yachiwiri ndi imene ikufunidwa kuti ijambule thanki yoyamba pa pepala. Msodzi aliyense amadziwa kuti ukonde wa kampango sugwirira usipa. Fomu imene inalembedwa poganizira hotela ya nsanjika siingakhale yomweyo ya munthu wa matenti.

Lachitatu ndi la kayenderedwe. Pepani polankhula, koma apa ndi pamene pamatipweteka kwambiri. Oyendera malo sabwera mu February, pamene tili ndi nthawi yokonza zimene angatiuze. Amabwera Lachinayi loyandikira Pasaka, kapena kutatsala masiku awiri kuti tsiku la anakubala lifike, alendo atalipira kale za malo ndipo nsomba tagula kale. Amatiuza pakamwa kuti titseke. Tikapempha kalata, palibe. Tikafunsa chindapusa kuti ndi zingati ndipo zalembedwa pati, mtengo umasintha malinga ndi nkhope ya wofunsayo. Ena amatiuza poyera kuti galimoto ya ofesi ilibe mafuta, ndiye wofuna kuyenderedwa msanga aganizepo. Munthu amene ali ndi basi ya ana a sukulu panjira amasowa mtengo wogwira. Amapereka kangachepe, lisiti osalandira, ndipo chaka chamawa nkhani imakhala yomweyo.

Sindikunena kuti onse ndi otero. Alipo ogwira ntchito m'makhonsolo amene amabwera pa njinga yamoto yawoyawo, n'kutilangiza bwinobwino za kutalika kwa chimbudzi kuchokera ku madzi, osapempha ngakhale ya fanta. Koma ndondomeko imene imadalira kukoma mtima kwa amene wabwera tsikulo si ndondomeko. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa molemba pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu wake, ndipo gawo 29 limapatsa aliyense ufulu wochita ntchito yopezera ndalama paliponse m'Malawi. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mndandanda wa mitengo ya ziphaso si chinsinsi cha boma. Ndalama zimene zikuthera m'matumba m'njira imeneyi ndi za khonsolo yomwe ikudandaula kuti ilibe mafuta.

Dandaulo lachinayi ndi limene ndikufuna mulimvetsetse kuposa onse, chifukwa ndilo likusintha nkhope ya gombe lathu. Ndi la pepala la malo.

Ambiri mwa ife tikukhala pa malo a makolo. Umboni wathu ndi a mfumu, mitengo imene anadzala agogo, ndi manda a abale athu. Lamulo la malo a makolo la 2016, Customary Land Act, linatilonjeza njira yolembetsera malowa osawachotsa m'banja. Linati pakhale komiti ya malo kwa gulupu aliyense, a gulupu ali wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo osachepera 3 akhale amayi, ndipo munthu kapena banja lilandire satifiketi ya malo ake. Ntchitoyi inayesedwa m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo malamulowa anakonzedwanso mu 2022. Kwathu kuno satifiketi imeneyi timangoimva pa wailesi. Ndiye tikapita kukapempha chilolezo cha bizinesi timauzidwa kuti kalata ya a mfumu siikwanira, tikatenge liizi. Liizi imafuna woyeza malo, mapu, ndalama zolembetsera, msonkho wa chaka ndi chaka, ndi kudikira kumene wosauka sangakupirire.

Onani tsopano zimene zimachitika. Banja lili ndi malo abwino oyang'ana nyanja. Likufuna kupezapo kanthu, koma njira yovomerezeka ndi yotsekeka. Kenaka pakubwera munthu wa ndalama wochokera kutauni kapena kunja, amene mapepala onse aja kwa iye ndi nkhani ya mafoni awiri. Akutchula mtengo umene banjalo silinaugwirepo chibadwire. Malume akuvomera, ena akukana, mlandu ukupita kwa a mfumu, mapeto ake malo apita. Ndalama ija imagula malata, njinga yamoto ndi maliro amodzi, n'kutha. Patapita zaka ziwiri, mwana wa pakhomo paja akulembedwa ulonda pa geti ya malo amene anabadwirapo, ndipo mlongo wake akuchapa nsalu za alendo pansi pa mtengo wa mango umene anadzala amayi ake. Izi si nthano. Yendani m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, kapena ku Senga Bay, kapena ku Chintheche, muwerenge mipanda ya njerwa, kenaka mufunse kuti eni ake akale ali kuti. Zinayamba kale pansi pa lamulo la malo la 1965, pamene maliizi ankachotsa malo m'manja mwa mafumu. Tinkaganiza kuti malamulo a 2016 abwera kudzatseka khomo limeneli. Koma ngati mwini malo sangaloledwe kukhoma tenti pa malo ake pamene wogula aloledwa kumangapo nyumba za alendo, ndiye kuti lamulo lenilenilo ndi limene likumuuza kuti agulitse.

Kwa inu mafumu athu, Gogo Chalo ndi a Gulupu, ndagwira mwendo wanu. Ife ndife ana anu ndipo sitingakuphunzitseni ntchito. Koma chidindo chanu chikagwa pa pepala logulitsa gombe, chimatseka njira ya adzukulu anu omwe. Ndipo zimatipweteka kuona kuti kalata yanu, imene ofesi imati siikwanira kuti mwana wa m'mudzi atsegule kampu, imakwanira bwinobwino pamene mlendo akuyamba kufunsira liizi.

Lachisanu ndi la mipanda ndi madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mmene yakhalira kwa zaka zambiri, ndipo malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota analowa madzi. Akuluakulu a zamadzi anakumbutsa anthu kuti malamulo saloleza kumanga kumunsi kwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Chabwino. Koma ndani m'mudzi muno angaloze pamene pali mamita 477? Palibe chipilala, palibe chikhomo, palibe ngakhale utoto pa mwala. Ndipo taonani chodabwitsa: madzi atabwera, ife tinazula zikhomo, kupinda matenti, n'kukwera kumtunda tsiku lomwelo. Zimene zinamira ndi nyumba za simenti, ndi maenje a zimbudzi zake, ndi makoma olowa m'madzi. Chimene lamulo la madzi liyenera kuopa ndi konkire, koma konkire ndi imene ili ndi mapepala.

Makoma omwewa ndi amene atseka njira zopita kudooko. Mayi amene ankatsika molunjika kukatunga madzi ndi kukatsuka mbale tsopano amazungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Asodzi akusowa pokocheza mabwato ndi poyanika makoka. Kampu ya matenti siitseka njira ya munthu, chifukwa mwini wake amadutsa njira yomweyo ndipo amayi ake amachapa pa dooko lomwelo.

Musandimve ngati ndikuti tisiyidwe tizichita zofuna zathu. Ayi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Likodzo timalidziwa. Munthu amene akulandira anthu makumi atatu pa chimbudzi chimodzi chokumbidwa pafupi ndi madzi akuika mudzi wonse pa ngozi, ndipo ameneyo atsekeredwe, ngakhale atakhala m'bale wanga. Alipo ena amene amaliza zoimbira mpaka tambala woyamba pafupi ndi nyumba ya okalamba, ena amagulitsa mowa moyang'anana ndi sukulu, ena amatseka maso mlendo akalowa mu tenti ndi kamtsikana ka sukulu. Pa nyengo ya mwera, moto wa alendo woyatsidwa pafupi ndi madenga a udzu ungathe kutha mudzi. Mabotolo ndi majumbo ndiye osanena. Amene ali m'midzi ya mkati mwa Lake Malawi National Park, monga Chembe ku Cape Maclear, ali ndi udindo woposa, chifukwa malowa anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 kaamba ka mbuna zomwe alendowo amadzaona. Zonsezi zikufunika malamulo. Koma onani kuti palibe chimodzi mwa izi chimene chimathetsedwa ndi liizi kapena ndi chojambula cha katswiri. Zimathetsedwa ndi malamulo ochepa, omveka, amene mwini kampu angathe kuwaloweza ndipo mnansi wake angathe kukamunenera akawaphwanya. Lero, poti njira yovomerezeka ndi yosatheka, wabwino ndi woipa yemwe akugwira ntchito mozemba, ndipo palibe amene akuyang'ana chimbudzi cha aliyense.

Maiko ena anaona kale kuti tenti si nyumba. Ku England, kumene malamulo a mapulani ndi okhwima kwambiri, kuyambira mu July 2023 mwini munda amaloledwa kulandira alendo a matenti kwa masiku 60 pa chaka, malo a matenti osapitirira 50, popanda kupempha chilolezo chonse cha mapulani. Chimene amafunika ndi kudziwitsa khonsolo pasadakhale, kupereka mapu osonyeza malowo, ndi kukhala ndi zimbudzi ndi potaya zinyalala. Ndipo malo osefukira madzi ali ndi ndondomeko yake yapadera. Sindikuti tikopere manambala awo, poti nyengo yathu ya alendo ndi yaitali ndipo malo athu ndi aang'ono. Chimene ndikutolapo n'chakuti iwo anasiyanitsa chinthu chochotseka ndi chomangidwa, n'kuika maso pa ukhondo.

Boma lakhala likunena kuti zokopa alendo ndi imodzi mwa nsanamira za chuma, pamodzi ndi ulimi ndi migodi. Masomphenya a Malawi 2063 akutchula Karonga, Nkhata Bay, Salima ndi Chipoka, komanso Mangochi ndi Monkey Bay pakati pa mizinda yatsopano imene ikuyembekezeka kukula. Mu February 2024 boma linachotsa viza kwa alendo a m'maiko 79 kuti abwere ambiri. Funso lathu ndi lakuti, akabwera, adzagona kwa yani? Ndipo mwana wa sukulu wa ku Dowa kapena ku Mzimba, amene makolo ake sangalipire chipinda cha hotela, adzaionera kuti nyanja ya dziko lake?

Choncho tikupempha izi:

1. Pakhale gulu lapadera la bizinesi zazing'ono za pakhomo pa malo a makolo: kampu ya matenti ochepa, mwachitsanzo osapitirira 10, tiyirumu, okala, malo odyera ang'onoang'ono ndi ogulitsa zosemasema. Gulu limeneli lisafunike kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo, liizi, kapena zojambula za katswiri, bola mwini wake akukhala pamalopo ndipo sakumanga zipinda zogona alendo. Chojambula cha pamanja chosonyeza nyumba, chimbudzi, madzi ndi njira chikwanire. Amene akufuna kumanga zipinda kapena kukulitsa adutse njira yonse monga ena onse.

2. Fomu ikhale imodzi ndipo khomo likhale limodzi, ku khonsolo. Maofesi enawo azitumizirana okha mapepala. Khonsolo iyankhe molemba pasanathe masiku 30, ndipo ikapanda kuyankha, lisiti ya fomuyo igwire ntchito ngati chilolezo chongoyembekezera.

3. Pamene satifiketi ya malo a makolo sinafike, kalata ya komiti ya malo ya kwa gulupu, yosainidwanso ndi a m'banja ndi anansi oyandikana nawo, ilandiridwe ngati umboni. Kusaina kwa anansi n'kofunika, chifukwa ndiwo adzamve phokoso. Ndipo ntchito yolembetsa malo a makolo ifulumizidwe m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kumene malo akutha msanga kuposa kwina kulikonse.

4. Mitengo yonse ya ziphaso ndi zindapusa imatidwe pa khonsolo, pa misika ndi ku likulu la mfumu yaikulu iliyonse, m'Chichewa, Chiyao, Chitonga, Chitumbuka ndi Chinkhonde malinga ndi dera. Kulipira kuzichitika ku banki kapena pa foni ku nambala ya khonsolo, osati m'manja mwa munthu pansi pa mtengo.

5. Malamulo a ukhondo ndi khalidwe alembedwe pa tsamba limodzi: chiwerengero cha anthu pa chimbudzi, kutalika kwa chimbudzi kuchokera ku nyanja ndi ku mjigo, dzenje la zinyalala, poyatsa moto, nthawi yozimitsa zoimbira, buku lolembamo alendo, ndi kuletseratu ana aang'ono kulowa m'matenti a alendo popanda makolo kapena aphunzitsi awo. Kuyendera kuzichitika nyengo ya alendo isanayambe. Wolakwa apatsidwe kalata yonena cholakwa chake ndi masiku okonzera, kupatula pamene pali ngozi ya matenda kapena nkhanza kwa mwana. Pamenepo tsekani tsiku lomwelo ndipo ife tidzakuthandizani.

6. Mzere wa mamita 477 uikidwe zipilala zooneka m'mudzi uliwonse, ndipo ugwire ntchito mofanana kwa wa tenti ndi wa hotela. Njira zakale zopita kudooko ndi malo okocheza mabwato zilembedwe pa mapu, ndipo pamene mpanda watseka njira yotere, utsegulidwe.

7. Pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo a dera lililonse isajambulidwe ku ofesi n'kutibweretsera yatha kale. Idutse ku makomiti a chitukuko a kwa gulupu (VDC) ndi a kwa mfumu yaikulu (ADC), pa msonkhano wa pabwalo pamene asodzi, amayi otunga madzi, a mipingo ndi a mizikiti, a malo akuluakulu ogona alendo ndi ife a matenti tonse tilipo. Mpaka pulaniyo itatha ndi kuikidwa poyera, pasakhale wotsekeredwa bizinesi pa chifukwa chongoti malo ano si a malonda.

Zambiri mwa izi sizikufuna kudikira Nyumba ya Malamulo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa kale makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'madera awo, ndipo nduna ili ndi mphamvu yokonza ndondomeko pansi pa malamulo a malo ndi mapulani. Khonsolo imodzi yokha itayamba, n'kuyesa kwa chaka chimodzi m'dera la mfumu imodzi, tingaone tonse ngati ndalama zolowa ku khonsolo zichepe kapena zichuluke, ndiponso ngati zimbudzi zikhale zoipa kapena zabwino kuposa lero.

Makhansala athu, inu ndi amene timakuonani pa maliro ndi pa misika, ndiye tikupempha kuti nkhaniyi muiike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndipo mutiuze tsiku lake kuti tidzakhale kumbuyo n'kumamvetsera. Anzanga a tikampu ndi timabizinesi ta pakhomo, amene mwawerenga kalatayi, itumizeni kwa khansala wanu ndi kwa a gulupu, ndipo yambani kusunga malisiti onse amene muli nawo ndi kulemba tsiku lililonse limene mwauzidwa kuti mutseke popanda kalata. Tidzazifuna pa msonkhanowo.

Ndine wanu mwaulemu,

Mwini kampu yaing'ono ya matenti, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi